Mano a Apongozi M'kapu

Anzanga omvera, ine ndinakwatiwa ku Ngara nthawi ya makadi a chipani. Kumeneko mtengwa saonana maso ndi maso ndi apongozi aamuna, choncho zam'kamwa mwawo sindinkazidziwa.

Tsiku lina ndikusesa kubafa, ndinapeza mano a munthu m'kapu yamadzi. Ndinaganiza kuti ndi zaufiti, ndipo ndinakawataya m'chimbudzi.

Masana apongozi aakazi anandifunsa, "Mwanangu, mano a bambo ako sunawaone? Anawapangitsa ku Joni."

Ndinali ndisanamvepo kuti mano amapangidwa. Ndinaulula ndikulira.

Apongozi aamunawo ankalalikira kutchalitchi, koma anasiya chifukwa mawu sankamvekanso bwino. Sanandikalipirepo. Lamulungu lililonse ndinkakhala kumbuyo nditawerama, wina akulalikira m'malo mwawo.