Mandimu a pa manda a achimwene

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Bonifasiyo, wa kufupi ndi Fonte Boa. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene bala langa lakale linatseguka lokha, ine n'kuyamba kukonzekera imfa.

Balalo ndinalitenga nthawi ya nkhondo, pothawira ku Dedza. Achimwene anga a Ernesto anawomberedwa tisanachoke n'komwe pakhomo, ndipo ine ndinathamanga osacheuka mpaka waya anandikhadzula mwendo. Otsala anawaika pansi pa mtengo wa mandimu umene iwo eni anadzala kuseri kwa nyumba. Titabwerera tinamanga kutsidya kwa dambo, pabwinja paja osapondaponso. Mtengowo unkabereka chaka ndi chaka, mandimu n'kumagwa, n'kumaolera pansi. Ndani akanadya chipatso chomera pa munthu?

Mkazi wanga atamwalira ndinayamba kumva m'mimba kuwotcha, ndipo mnzanga wina anati ndisiye zowawasa zonse ndi ndiwo zamasamba. Ine kumvera ndimaonjeza. Ndinasiya ngakhale matimati, ndipo kwa miyezi ndinkangokhalira phala, tiyi ndi buledi amene timati pau. Kenaka nkhama zinatupa n'kumatuluka magazi, mano anayamba kugwedera, miyendo inachita mawanga akuda ngati wina wandigwira mwamphamvu. Tsiku lina ndikuvala nsapato ndinaona chipsera chija, chimene chinapola zaka zoposa makumi atatu zapitazo, chang'ambika ngati ndavulala dzulo.

Choopsa kwambiri sichinali bala. Ndinayamba kulakalaka ndimu, ine amene sindinalikondepo. Dzuwa lili paliwombo ndinkangozindikira ndaima m'mphepete mwa dambo, osadziwa kuti ndachoka nthawi yanji pakhomo, ndikuyang'ana mtengo uja uli psuu ndi zipatso, malovu akudzaza m'kamwa. Kunkakhala zii, ngakhale mbalame osamveka. Anthu anandiona, ndipo anayamba kunong'onezana kuti, "Akuwaitana." Inenso ndinakhulupirira, chifukwa ndinkadziwa kuti ndinawasiya achimwene ali chigonere, mwina akupumabe. Ndinachita mantha kwambiri. Njinga yanga ndinapereka kwa mkamwini, ndipo Misa itatha ndinkatsala m'tchalitchi n'kumapempha chinthu chimodzi chokha: Ambuye, ngati nthawi yakwana, mundilole ndipite nditakhululukidwa.

Lachinayi lina a mumphakati wathu anabwera kudzandipempherera. Pakati pawo panali amayi Filomena, enfermeyira, kapena kuti namwino, wopuma pa ntchito, munthu wosadziwa kunyengerera. Anandiyasamitsa, anaona mwendo, n'kundifunsa zimene ndimadya. Nditawauza anapukusa mutu. Anatenga mbatata ya kachewere, anaidula pakati, anatulutsa ndimu m'thumba n'kufinyira mbali imodzi yokha. Anaika zonse pambale ndipo tinayamba kupemphera korona. Pomaliza, mbali youma ija inali itada, yofinyira ndimu ili mbee.

"Abambo Bonifasiyo, mbatata yakudayi ndinu," anatero. Anafotokoza kuti m'madzi a ndimu muli vitamini C, ndipo m'khungu lake ndi m'zoyera zowawa zija muli zinanso zoteteza kuti chinthu chisaonongeke msanga. Thupi likasowa vitamini ameneyu nthawi yaitali, limalephera kugwira mano, ndipo zipsera zakale zimamasuka. "Mawa mupite kuchipatala, akatsuke balali, akakupatseni mapiritsi, akaonenso m'mimbamo. Koma mapiritsi amatha. Muzidya masamba, ndipo mandimu muli nawo ambiri kutsidyaku."

Wina anawauza motsitsa mawu za mandawo.

"Ndikudziwa," anayankha. "Ili ndafinyali ndatola pomwepo pobwera."

Amayi amene anakhala pafupi ndi mbale ija anasendera kumbuyo.

Kuchipatala ananena zomwezo. Patapita masiku atatu ndinatenga ndodo n'kuwoloka dambo, nkhungu isanathe. Udzu unali wofika m'chiuno, ndipo fungo la mandimu oola linandifika ndili patali. Mtanda unali utadyedwa kale ndi chiswe, panangotsala miyala. Ndinagwada movutikira n'kunena mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi: "Achimwene, ndinakusiyani. Ndikhululukireni." Palibe chimene chinamveka. Ndinathyola ndimu limodzi, ndinaliluma ndi khungu lomwe. Linandiluma m'nkhama ngati moto, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana.

Pasanathe sabata ziwiri magazi anasiya kutuluka m'kamwa. Bala linatenga nthawi, koma linauma n'kutseka. Dzino limodzi lokha ndi limene linapita, ndipo njinga ija mkamwini anabweza nkhope itagwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha zoposa zimene ndinapempha, ndiponso amayi Filomena amene sanaope kutola chimene tonse tinkachilambalala. Inu amene mukudwala ndipo anthu akuuzani kale chifukwa chake, musataye mtima. Pempherani, koma mupitenso mukapimidwe. Ine pabwinja paja ndinalambulapo, ndinaimika mtanda watsopano, ndipo Loweruka lililonse ndimabwerako ndi dengu. Anthu aja sananame kuti ndinkaitanidwa. Kungoti ine ndinkayesa achimwene akundiitanira kumanda, pamene mtengo umene anadzala ndi manja awo unakhala zaka zonsezi ukundidikira kuti ndidzadye.