Msewu wa Boma M'munda Mwanga wa Mpunga

Inu a pa wailesi, ndiwerengereni iyi, ndipo omvera asaseke chifukwa zonsezi ndi zoona.

Nthawi ya atsamunda ndinali ndi munda wa mpunga kufupi ndi Benga. Tsiku lina mzungu wa ku boma, wachipewa chachikulu ngati lichero, anakhoma zikhomo pakati pa mundawo, ati padutsa msewu. Ine ndinazula zikhomozo n'kuwotchera chambo.

Anandiitana kukhoti. Ndinadikira pakhonde mpaka chiswe chinadya ndodo yanga ndili chigwirire, ndikulumbira. Nditalowa ndinapeza kuti woweruza ndi mzungu yemwe uja, wangovula chipewa.

Ndinanong'oneza womasulira kuti, "Achimwene, si yemweyu anakhoma zikhomo?"

"Uja anali wachipewa, bambo. Awa ndi oweruza."

"Nanga wondiyankhulira ine ndani?"

"Loya alipo ku Zomba, koma ndi wa boma. Kalata yake ndi iyi, akuti mwalakwa."

Munthu sanandionepo n'kamodzi komwe, koma kulakwa kwanga anakuona ali ku Zomba! Ndinafunsa kokadandaula. Womasulira analoza chitseko china, ndipo ndinaona mzungu uja akutola chipewa chake n'kulowera komweko.

Chilango chinali mwezi wathunthu wolima msewu. Kapitawo anandipatsa chigawo cha m'munda mwanga momwe, ati nthakayo ndikuidziwa bwino. Ndinazula ndekha mpunga wanga utayamba kale kubereka, mkazi wanga akuonerera.

Mpaka lero ndikafika pamenepo ndimayenda m'mbali mwa msewu. Sindingaponde mpunga wanga.