Fodya wa Pansi pa Mtsuko

Pamsika wa Chiponde, chaka chomwe othawa nkhondo anachuluka kuposa eni mudzi, bambo wina wa ku Mozambiki anaima pabenchi ya wogulitsa chingambwe. Mphuno ndiyo inamukokera pamenepo.

"Fodya wanuyu mwamuumitsa kwambiri, achimwene. Akungothetheka m'manja ngati tsamba la chimanga."

"Inu fodya mumamudziwadi, kapena ndi pakamwa chabe? Tatsinzinani. Ndikupichirani ndudu ziwiri, mundiuze kusiyana kwake."

"Ndatsinzina, bweretsani. Aa, uyu ndi wa kunyanja. Dzuwa la ku Nkhudzi linamupsereza, akukanda pakhosi."

"Mwakhoza. Nanga uyu?"

Bamboyo anakoka utsi kamodzi.

"Uyu anamukulunga m'masamba a nthochi, n'kumuika pansi pa mtsuko wa madzi kuti asaume, komanso asachite nkhungu. M'kati mwake anaponyamo kakhungu ka ndimu. Akazi anga, a Felisita, ndiwo ankasunga fodya wanga chonchi kwathu ku Mitande. Tinabalalikana tsiku lomwe mudzi unatenthedwa, ndipo mpaka lero sindinamve za iwo. Mwamupeza kuti fodyayu?"

"Kwa munthu wina wa njinga, anadutsa malire Lachiwiri. Walahi, ngakhale dzina sindinamufunse."

"Kodi abweranso?"

"Kaya, bambo. Mwina mwezi wamawa, njira ikakhala bwino. Tsegulani maso tsopano, nduduyo ikuwotchani chala."

"Isiyeni iwotche, achimwene. Ndikangotsegula masowa, ndipezeka ndili kuno."