Bopeni Yofiira ya ba Mwansa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine mayi wa ana atatu wa ku Chawama, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene chizungu chinatsala pang'ono kundichotsetsa ku koleji.

Ndinabwerera kusukulu nditakula kale, kukaphunzira uphunzitsi wa ana a nasale. Pakamwa nkhani ndili nazo, kafunseni anzanga a pamsika, koma akangoti lembani esei, mutu gwa! Ndinalephera, ndinalepheranso. Ba lekichara anandiuza poyera kuti esei yotsatira ikapanda kuyenda, malo anga apatsa wina. Ndinalira m'basi njira yonse mpaka kondakitala anasiya kukuwa.

Ndinapemphera, ndinasala kudya. Kenaka kutchalitchi kunabwera mayi wachilendo wochokera ku Kopala, ba Mwansa, amene analengeza kuti aziphunzitsa kulemba pakhonde pawo Loweruka lililonse, kwaulere. Kwaulere? Mu Lusaka muno, momwe ngakhale chimbudzi cha pasiteshoni n'cholipira? Mtima wanga unakana, koma ndinapita chifukwa ndinalibe kwina.

Kaphunzitsidwe kawo kanandiwonjezera mantha. Usanagwire pepala, ankati uyambe wanena nkhani yonse mokweza m'chinyanja, ndiye uilembe m'chizungu. Nkhani zake zotani? Za kumudzi kwanu, za mwana wako woyamba, za amayi ako amene anamwalira. Sankakulembera ngakhale mzere umodzi. Ankangodutsamo ndi bopeni yofiira mpaka pepala kuoneka ngati pophera nkhuku, uku akufunsa, "Apa mufuna kukamba chani?"

Neba wanga, bamake Junior, ataona pepalalo anabwerera m'mbuyo. "Imwe, simuona? Bafunsa va bantu bakufa, balemba na vofiira, ndalama bakana. Ni va Satana ivi, bazakutengani nzelu!"

Mawu amenewo anandilowa. Mapepala aja sanagonenso m'nyumba mwanga, ndinkawatsindira ndi mwala padenga. Tiyi amene ba Mwansa ankatipatsa ndinkathira m'maluwa awo akatembenuka. Koma Loweruka likafika ndinkapitabe, pemphero lili pakamwa, maso ali pachipata.

Nditapereka esei yomaliza ija, anandiitana ku ofesi. Ndinapeza ba lekichara ataigwira ndi zala ziwiri. "Mwagula kuti iyi? Imwe simungalembe so." Abale, zinandiwawa! Thukuta langa lonse lija, lero ndasanduka wakuba? Anandipatsa pepala loyera ndi mutu wina, nati ndilembe pomwepo iwo akuona, ndikalephera ndinyamule chikwama changa ndizipita.

Ndinakhala pansi n'kutenga bopeni. Ndinati, Yesu, musandichititse manyazi pano. Ndiye ndinayamba kudzifotokozera nkhaniyo m'chinyanja monong'ona, monga tinkachitira pakhonde paja, ba lekichara akundiyang'ana ngati ndapenga. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinadzifunsa ndekha kuti apa ndifuna kukamba chani, ndinalembanso. Atawerenga anati, "Pepani mayi. Mwaphasa."

M'basi pobwerera ndinaliranso, koma osati chifukwa cha chimwemwe chokha. Kuganiziridwa zoipa kumawawa, ndipo ine ndinazilawa tsiku limodzi chabe. Nanga mayi uja amene miyezi yonseyi tinkamuyang'ana cham'mbali pakhonde pake pomwe? Ndinatsikira kwawo ndisanafike kunyumba, ndinawauza zonse, ngakhale za tiyi. Anaseka mpaka misozi. "Nenze kukuonani pawindo," anatero. "Maluba yanga yakula bwino maningi."

Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa pemphero langa analiyankha kalekale, ine ndili kalikiliki kukaniza yankholo kulowa m'nyumba. Inu amene sukulu yakuvutani mutakula, musasiye, ndipo musachite manyazi kukhala pabenchi n'kuyambiranso. Pempherani, yesani mizimu ndithu, koma muyesenso mawu a neba wanu.

Chaka chino ndimaliza maphunziro anga. Loweruka lapitali ndinawagulira ba Mwansa bopeni yatsopano, yofiira, ndipo tiyi wawo ndinamwa mpaka kapu kuuma.