Kuseri kwa Wakubayo Kuli Chiyani?

Mayi wogulitsa mbale atabwerako kumsika masana, anamva kugubuduka m'chipinda chosungiramo katundu wake. Sanafunse kuti ndani. Anakoka chitseko, n'kukhoma loko, n'kuitanitsa mwana wake wapolisi, amene yunifolomu yake inali isanalaweko sopo n'kamodzi komwe.

"Ali m'katimu," anatero mayiyo, akuloza ndi chibwano. "Wombera."

"Ndiwombere chiyani, amayi?"

"Chitseko. Wakubayo ali kuseri kwake."

"Mwamuona?"

"Ndamumva. Makutu angawa si obwereka."

Wapolisiyo anaima pambali pa chitseko, mfuti italoza pansi, chala chili chowongoka kutali ndi kachitsulo kowombera. Mayiyo anachiyang'ana chalacho ngati kasitomala wofuna zaulere.

"Chathyoka chimenecho?"

"Ndi mmene anatiphunzitsira. Chala sichipita pamenepo usanaone chimene ukuwombera. Chosachidziwa suchiwombera."

"Ndiye kusukulu konse kuja unkaphunzira kuopseza simenti yanga?"

"Palinso lamulo lina, amayi. Chipolopolo sichiima pathabwa, ndiye uzidziwa zimene zili kuseri. Kuseri kwa chitsekochi kuli chiyani?"

"Wakuba."

"Kuseri kwa wakubayo?"

"Mbale zamaluwa zija. Zosachedwa kusweka." Mayiyo anakanda m'mutu. "Chabwino, ndatsitsa. Wombera m'munsi, m'miyendo."

"M'munsimo muli chiyani?"

"Mabeseni. Iii, mabeseni ayi. Wombera m'mwamba, angochita mantha."

"M'mwamba muli malata."

"Amene ndangofolera kumenewa? Usayerekeze." Anapinda manja pachifuwa. "Tikumane pakati. Wombera pang'ono chabe."

"Mfuti siwombera pang'ono, amayi."

"Iwe, pansi pano palibe chinthu chosatsitsika. Sunalankhule nayo bwino basi."

M'katimo china chake chinagwa, phwaa, n'kutsatana ndi zinzake. Mtima wa mayiyo unasweka nawo limodzi. Anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno chinthucho."

Wapolisiyo anatembenuka, mfuti ili chilozere pansi. "Mfuti sabwereketsa."

"Ine ndinakubwereka mimba yanga, sindinakuwerengere lamulo."

"Pepani, amayi. Imani kumbuyo kwanga. Poyamba timalankhula naye munthu." Anakonza kukhosi. "Apolisi! Amene muli m'katimo, manja m'mwamba!"

"Ukuwaona manjawo?"

"Ayi."

"Ndiye akwezere ndani? Mphemvu?"

"Ndi mmene timanenera, amayi."

"Mufunsenso ngati wadzuka bwino."

M'katimo munamveka chifuwa. Chifuwa chake chija chimene mayiyo ankagona nacho chipinda chimodzi kuyambira ali mtsikana.

"Mwananga," anatero mawu ofooka, "ndine bambo ako. Usachite zinthu mothamanga."

Anali mwamuna wake, yemwe m'mawa analawira kuti akupita kukathandiza mchimwene wake kukhoma denga.

"Ndinangoti ndipumeko pamakatoni apa ndisananyamuke," anapitiriza bamboyo. "Podzuka ndangoona mdima, chitseko chokhoma."

Wapolisiyo anabweza mfuti m'chiuno, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwaona, amayi? Ndikanamvera inu, bwenzi pano tikulira maliro."

Mayiyo anatsamira khoma. Munthuyo ndi waulesi, inde, koma ndi wake. Anatulutsa kiyi m'thumba, n'kuyandikira loko. Kenako anaima.

"Bambo a mwana, chasweka chija n'chiyani?"

Mayiyo anagogoda pachitseko.

"Ndikufunsa."

"Zamaluwa zija, mayi."

"Zingati?"

"Ndinagwira shelefu kuti ndidzuke. Shelefuyo inabwera nane."

Mayiyo anabweza kiyi m'thumba mwakachetechete, n'kutembenukira kwa mwana wake.

"Iwe, unati chosachidziwa suchiwombera?"

"Inde, amayi."

"Unatinso uzidziwa zimene zili kuseri?"

"Ndi momwemo."

"Basi, malamulo ako akwana. Munthuyo wamudziwa, ndipo kuseri kwake kulibenso mbale. Wombera."