Mbiri ya a Tsitsani, Mayi Amene Anatsitsa Ofesi ya Bungwe

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1967, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo wopondana nawo. Bambo athu anali kondakitala wa basi, mayi athu ankasoka pakhonde la sitolo. Malemu anayamba sukulu mu 1974 ndipo anali anzeru, komanso mawu awo ankamveka pamwamba pa anzawo onse m'kwaya. Bambo atatisiya mu 1984, iwo analekezera fomu 2 kuti ife ang'onoang'ono tipitirize.

Mu 1986 analembedwa ntchito pa fakitale yoluka nsalu, m'chipinda cha makina. Amene munagwirako m'chipinda chimenecho mukudziwa phokoso lake: kuti umuuze mnzako kanthu, pakamwa pako pankayenera kugunda khutu lake. Zotsekera m'makutu kunalibe. Malemu ankati ngakhale afike kunyumba, makinawo ankalirabe m'mutu.

Pa 1 Disembala 1990 anamanga banja ndi alamu athu, owotcherera zitsulo, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Cha m'ma 1998 makutu awo anayamba kutseka pang'onopang'ono. Sanauze munthu, ngakhale ife abale. Masiku amenewo wantchito akapezeka ndi vuto m'thupi ankangouzidwa kuti akapume kunyumba, ndipo kupumako kunalibe tsiku lobwerera. Choncho malemu anaphunzira kuwerenga milomo ya anthu. Anzawo akaseka, iwonso ankaseka. Pantchito ankayenda chocheuka, kuopa kuti kapitawo angawaitane kumbuyo iwo osatembenuka. Kwaya anaisiya, nati atopa nayo. Alamu ankawanyogodola kuti, "Mayi a ana, inu mumangomva zokukomerani basi." Iwo ankangomwetulira, mtima uli m'mwamba.

Pa 17 Ogasiti 2003 bungwe loimira anthu apantchito linaitanitsa msonkhano ku likulu lake, m'chipinda cham'mwamba mwa nyumba yosanja. Malemu anali ndi mnzawo wapamtima, mayi wolongedza nsalu amene amayendera njinga ya anthu aulumali, ndipo pantchito onse amawatchula kuti a Dalaivala. Ali pakati pathu pano. Monga mwa nthawi zonse, a Dalaivala anatsala pansi pa masitepe, ngakhale kuti nawonso anali membala ngati wina aliyense. Anangoti, "Anzanga, mukandikwezereko dzanja kumeneko."

M'chipindamo wapampando ankawerenga atawerama, moti milomo yake sinkaoneka. Malemu anangoona manja akukwera, nawonso anakweza lawo. M'mawa mwake ndi pamene anadziwa chimene anavomereza. Mamembala anali atalola kuti mabwana asamutsire gawo lolongedza nsalu m'chipinda cham'mwamba, posinthana ndi basi yonyamula antchito. Mwezi usanathe, a Dalaivala pamodzi ndi anzawo awiri oyendera ndodo ntchito inawathera.

Malemu anakhala masiku angapo chakudya chikuwakanika. Kenako anapita kunyumba kwa mnzawoyo nakaulula zonse, za makutu ndi za dzanja lomwe. Ankayembekezera kuthamangitsidwa. A Dalaivala anawayang'ana n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti mnzawo awerenge bwino milomo: "Ndiye kuti tsiku limenelo tonse awiri tinali panja."

Pa msonkhano wotsatira malemu anaimirira. Anati, "Ine sindimva. Ndakhala ndikukweza dzanja osadziwa chimene ndikuvomera. Kodi muno ndilimo ndekha?" Kenako bambo wina wa m'chipinda cha makina anaimirira, wina naye anaimirira, mpaka mzere wathunthu. Kwa miyezi ingapo malemu ankapita kuntchito atakonzeka kuuzidwa kuti akapume. Koma poti osamvawo anapezeka ambiri, mabwana anachita manyazi, ndipo malemu anangowasamutsira ku gawo loona ngati nsalu zalukidwa bwino.

Mu 2005 anasankhidwa kulowa m'komiti ya bungwe. Kuyambira pamenepo mawu awo anali amodzi: tsitsani msonkhano, tsitsani ofesi ya madandaulo, tsitsani bolodi la zidziwitso kuti wokhala panjinga aziwerenga. Dzina loti a Tsitsani linachokera pomwepo. Poyamba linali lowanyoza, koma iwo analikonda, moti ngakhale adzukulu amadziwa lomwelo. Ena m'komiti ankati mayiwa ndi ovuta, bungwe lili ndi nkhondo zikuluzikulu zolimbana nazo. Iwo ankayankha kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, chifukwa pafakitale munthu umalowa ndi ziwalo zonse koma sudziwa kuti udzatuluka ndi zingati.

Mu 2009 bungwe linawapatsa kachipinda kapansi komwe kankasungiramo mipando yothyoka. Alamu anawotcherera njira yotsetsereka yachitsulo pakhomo pake. Yoyambayo inatsetsereka mopitirira, moti tsiku loiyesa a Dalaivala anakaimira m'maluwa, nafunsa ngati alamu anapanga njira ya anthu kapena ya ndege. Anaiphwasula n'kuikonzanso. M'kachipindamo munabwera mayi womasulira chinenero chamanja. Zidziwitso zinayamba kutumizidwa pafoni kwa osamva ndi kujambulidwa m'mawu kwa osaona, ndipo misonkhano inatsikira pabwalo. Nkhani ya a Dalaivala inatsegulidwanso, ndipo mu 2011 anabwerera pantchito. Mwa anzawo awiri aja, mmodzi anamwalira akudikirabe. Imeneyi malemu sanaiiwale.

Iwonso anaphunzira chinenero chamanja ali aakulu kale, natikakamiza tonse m'banja. Ine ankandinena kuti zala zanga zimachita chibwibwi.

Ndinene zoona pamaso panu: pa zaka zonsezi achemwali athu sanakhalepo ndi mtima wokhazikika. Kachipinda kaja sikanalembedwe m'malamulo a bungwe. Kanangokhalapo mwa kukoma mtima kwa atsogoleri a nthawiyo. Chisankho cha atsogoleri chikayandikira, iwo ankaonda tikuona. Womasulira akachedwa, ankaima pakhomo maso ali kumsewu, poganiza kuti mwina amuchotsa. Atapuma pantchito mu 2022 tinkati tsopano apeza mpumulo, koma m'mawa uliwonse ankavala n'kupita kukakhala m'kachipinda komweko.

Mu Febuluwale chaka chino bungwe linalengeza kuti likusamukira m'nyumba ina yatsopano, ndipo maofesi ake onse adzakhala m'mwamba. Atsogoleri anawatsimikizira malemu kuti muli chikepe. Iwo anafunsa kuti nanga magetsi akazima, wodandaula azikadikira pati? Yankho sanalilandire. Anayamba kukonzekera kukaima pa msonkhano waukulu wa pa 24 Meyi, kukapempha kuti ofesi yapansi ndi womasulira zilowe m'malamulo, kuti asadzazichotse wina aliyense.

Pa 4 Epulo anapita okha kukaiona nyumba yatsopanoyo. Pobwerera anagwa pamalo odikirira basi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Inawagwira mbali ya kumanja, ndipo pakamwa ndi dzanja lawo lolankhulira zinafa tsiku limodzi. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene akanatha, koma poti ankavala zotchinga pakamwa, malemu sankadziwa chimene chikunenedwa za thupi lawo. Maso awo ankangothamanga kuchoka pa nkhope iyi kupita pa nkhope iyo. Mwana wawo wachisamba ndiye ankaima kumiyendo kwa bedi n'kumawafotokozera ndi manja. Ndi dzanja lamanzere, lomwe linali lisanazolowere, ankabwereza funso limodzi lokha: msonkhano uja wapita kale? Tinkawauza kuti ayi, nthawi ilipo. Anatisiya pa 19 Epulo, alamu atawagwira dzanja.

Atsogoleri a bungwe, takuonani ndipo tathokoza kuti mwabwera. Pamaliro sitizenga milandu. Tingokudziwitsani kuti a Dalaivala avomera kukaima m'malo mwa mnzawo pa 24 Meyi. Tamva kuti msonkhanowo ukachitikira m'nyumba yatsopano ija, ndipo kufikira m'mawa uno sitinamve kuti akalowera pati.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri, ndi ife abale awo atatu amene tatsala.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, anansi amene akhala nafe chiyambire matendawa, a mpingo, ndi anthu awiri osawadziwa amene anawanyamula pamene anagwa. Tikuthokoza anzawo a pafakitale, ndi inu nonse amene mwafika panjinga, pa ndodo, ndi ena mochita kugwiridwa dzanja, njira yofikira kuno ili yovuta chotere. Tikuthokozanso mayi womasulira, amene aima pambali panga chiyambire mwambo uno, manja akugwira ntchito misozi ikutsika, osapeza mpata woipukuta.

Achemwali, nkhawa munazisenza nthawi yaitali. Zituleni tsopano, zatsala ndi ife. Mzimu wanu uuse mumtendere.