A Chingwe, Mayi Amene Ankayeza Gombe

Malemu mayi athu, amene ambiri a inu munkawatcha a Chingwe, anabadwa pa 4 Okotobala 1946, m'nyumba yachitatu kuchokera padoko lakale. Nyumbayo musaifunefune, pamalo pake lero pamadutsa ngalawa.

Bambo awo anali msodzi, mayi awo ankasoka maukonde. Anayamba sukulu mu 1954, ndipo mu 1967 anabwerera kumudzi kuno ali mphunzitsi. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi mmisiri wa ngalawa, amene anatsogola mu 2009.

Dzina la Chingwe linayamba mu 1971. Ataona kuti madzi afika pamtengo umene ankasewerapo ali mwana, anayamba kutenga ana a sukulu chaka chilichonse kukayeza ndi chingwe, kuchokera pakhomo la kalasi mpaka pomwe mafunde amalekezera. Chaka choyamba zinakwana zingwe makumi anayi. Pofika 1985 zinatsala khumi ndi zinayi. Anthu ankawaseka. Ngakhale amuna awo ankati, "Mayi, nyanja sayeza ngati nsalu." Iwo ankangoyankha kuti, "Bambo, ine ndikuyeza mtunda, poti ndi umene ukutha."

Zaka zitatu anayenda khomo ndi khomo, kupempha anthu kuti asamukire pachitunda pano, kutsidya kwa mtsinje. Ena ankawatsekera zitseko. Achimwene awo enieni anatha chaka osawalankhula, poti kusamuka kunali kusiya manda a makolo. Komabe mabanja makumi atatu anamvera. Mu Febuluwale 1989 namondwe anagwetsa sukulu, msika ndi nyumba zonse zakumunsi. Otsalira aja anathawira kwa anzawo kumtunda kuno, ndipo sitinaike maliro ngakhale amodzi. Achimwene awo anafikira m'nyumba ya malemu, amene anawayalira mphasa osawakumbutsa kanthu.

Atapuma pantchito mu 2001, ankakhala pakhonde n'kumalembetsa adzukulu m'kope mayina a mabanja onse a mudzi wakale, ndi pomwe panali chitsime, njira ndi manda. Kope limenelo lili kusukulu, aliyense angathe kukaona pomwe panali kwawo.

Anayamba kudwala mtima mu Juni chaka chatha, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa kuchipatala, ali ndi zaka 78.

Asiya ana anayi, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi achimwene awo, amene akhala kutsogoloku. Abanja tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi amene mwachezera nafe, ndi inu asodzi amene mwasiya ngalawa pamtunda lero, chonsecho nyanja ili bata.

Mayi, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.